Mapazi a Dona

Uthengawo unandipeza pa Chitakale Loweruka m'mawa, ndikutsitsana mtengo ndi mayi wogulitsa nanazi. Anali mlongo wanga wa ku Luchenza, pa WhatsApp, mawu ake ngati munthu amene sanagone.

"Achimwene, inu mumadziwana ndi a vetenale. Tandifunsireni ngati kuno amachotsa zikhadabo za mphaka. Sindikunena kuwenga ayi, kuchotseratu. Uyu watithera mipando, ndiye dzulo wakala mwana patsaya. Alamu anu akuti zikapitirira akamutaya kumtsinje."

Panatsatira zithunzi ziwiri. China chinali cha mkono wa mpando wa sofa umene anautenga pangongole ku Limbe, ulusi uli lendelende. China chinali tsaya la mwana wake wa zaka ziwiri, pali timizere titatu tofiira, kamodzi katangotsala pang'ono kufika padiso. Maganizowa sanawalote yekha. Mnzake wina amene amagwira ntchito za m'nyumba kunja kwa dziko lino ndiye anamuuza kuti mphaka wa abwana ake anamuchita opaleshoni yotereyi, ndipo makatani onse m'nyumbamo ali bwinobwino.

Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Ndinakwera njinga kubwerera kunyumba, nanazi ali pakaliyala, koma mtima unali utapita kale pansi pa mtengo wa mapeyala umene unali kuseri kwa nyumba yathu ndili mwana. Mlongo wangayu anali asanabadwe, ndipo nkhani ya Dona sanaimvepo yonse. Ndikuilemba pano chifukwa ndikudziwa kuti amene afunsapo funso ngati lakeli si iye yekha.

Bambo athu anali khukhi. Ankaphikira banja lina la azungu ochokera ku America limene linakhala kuno ku Mulanje zaka zingapo, m'nyumba ina ya m'mphepete mwa minda ya tiyi. Pobwerera kwawo anthuwo anagawa katundu kwa antchito. Bambo analandira mapoto awiri, wailesi ndi mphaka. Anafika naye madzulo ali m'katoni yobowolabowola, atamangirira panjinga. Ine ndinali Sitandade 5.

Anali mphaka wamkazi wonenepa, waubweya wotuwa ngati nkhungu ya chiperoni ikakuta phiri. Dzina lake lachizungu linatikanika, ndiye tinangomutcha Dona, chifukwa nsima yoponya pansi sankaiyang'ana n'komwe, komanso ankayenda monyang'ama, kuponda ngati pansi pali minga. Ife ana tinkamutsanzira kayendedweko, n'kumaseka mpaka misozi. Tinkati ndi matama.

Amayi ndi amene anakondwa kwambiri tsiku loyamba. Chaka chimenecho makoswe anatisautsa zedi. Ankaboola matumba a chimanga, kudya nandolo wa mbewu, ngakhale sopo sankamusiya. Usiku umenewo Dona anamutsekera m'chipinda cha matumba. Kutacha, gaga wa makoswe anali mbwee pansi monga mwa masiku onse. Patapita masiku angapo tinaona ndi maso athu. Khoswe anatuluka kuseri kwa mtondo, Dona anamubisalira bwino lomwe, mchira ukugwedera, n'kumudumphira molondola. Anamupana ndi mapazi onse awiri akutsogolo. Khosweyo anangopulumuka pakati pa mapaziwo ngati sopo m'manja onyowa, ulendo kudenga.

"Bambo, mphaka wanuyu ali ndi chiyani?" anatero amayi.

Bambo anamunyamula, n'kukhala naye pampando wa ndalema. Anagwira phazi limodzi lakutsogolo, n'kufinya pang'ono ndi chala chachikulu, monga mmene timachitira tikafuna kuona zikhadabo za mphaka. Sipanatuluke kanthu. Anafinya chala chilichonse, zisanu uku, zisanu uku. Kunali tizala tofupika, tofewa, tothera m'malere. "Adona ankati anamuchotsa kwawo konko ali wamng'ono, kuti asamang'ambe makatani," anatero bambo. Amayi anangoti kukamwa yasa. Mbiri inawanda m'mudzi. Mukudziwa kale mmene anthu kwathu kuno amamuonera mphaka. Ndiye uyu wobwera ndi azungu, wopanda zikhadabo, ena anayamba kunong'ona kuti ndi wa mankhwala. Gogo wina anasiya kudzapala moto kwathu.

Pali zinthu zitatu zimene Dona ankachita zimene zinandivuta kumvetsa pa nthawiyo. M'mawa uliwonse ankapita pafelemu ya chitseko, kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, n'kumapalasa thabwalo ndi mapazi ake ofewawo, kumanja, kumanzere, kumanja, osamveka phokoso lililonse, osasiya kachizindikiro. Chachiwiri, ankaluma. Ukangomukhudza mwendo, mano. Chachitatu, sankafuna kukumba dothi podzithandiza monga amachitira amphaka ena. Ankasankha pamphasa kapena pabulangete. Pa ziwiri zomalizazi tinamumenya kambirimbiri. Inenso ndinamumenyapo ndi silipasi tsiku limene anandiluma pachala, ndipo ndikukumbuka mmene anadzipanikizira pakona, atakweza phazi lopanda kanthu lija kuti adziteteze.

Anakhala nafe osakwana chaka. Tsiku lina masana anyamata osaka anadutsa kuseri kwa nyumba ndi agalu awo. Dona anali akuwothera dzuwa pamodzi ndi mphaka wa aneba athu, kamphaka koonda kakuda. Agalu atawaona anathothoka liwiro. Kamphaka ka aneba kanangoti kwekwerekwe pamtengo wa mapeyala, kali panthambi. Dona anathamangira mtengo womwewo. Analumpha bwino, anafika pamwamba kuposa mutu wanga, anakumbatira thunthu ndi miyendo yakutsogolo, zikhadabo zakumbuyo zikupalapala khungwa. Kenako anayamba kutsetsereka. Anafika pansi, analumphanso, anatsetserekanso. Ndinali pakhonde, ndinatola miyala, ndinakuwa, koma agalu anali anayi. Anyamatawo pofika kudzawaletsa zinali zitatha. Bambo atabwera madzulo anakumba dzenje patsinde pa mtengo womwewo, osalankhula kanthu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene Dona anachotsedwa ndi zikhadabo basi, monga mmene munthu angazulidwire chikhadabo chopunthwa ndi mwala. Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wina wa zaziweto, tikucheza pa Boma madzulo ena, nditamufotokozera nkhaniyi ngati chodabwitsa cha ubwana.

"Aphunzitsi, tabweretsani dzanja lanu," anatero. Anagwira chala changa cha mkombaphala, n'kuika chikhadabo chake pa mfundo yomaliza, ija ili m'munsi mwa chikhadabo. "Amadula apa. Chala chilichonse."

Nkhani yake ndi iyi. Chikhadabo cha munthu chimamera kuchokera pakhungu, n'chifukwa chake chikazuka fupa limatsala. Cha mphaka chimamera kuchokera pa kafupa komaliza ka chala. Kafupako ndi chikhadabo n'zogwirana. Ukangodula chikhadabo chokha chimameranso. Kuti chisadzamerenso, dokotala amayenera kuchotsa kafupa konseko, kudula misempha, minyewa ndi mitsempha imene imakagwira. Amamugonetsa mphakayo ndi mankhwala, n'kudula ndi kampeni ka opaleshoni, kapena chodulira chopana, kapena makina a laser. Mphaka ali ndi zala 18, zisanu paphazi lililonse lakutsogolo ndi zinayi paphazi lililonse lakumbuyo. Kawirikawiri amadula zakutsogolo, ndiye kuti mabala khumi pa tsiku limodzi. Pa Chingerezi amati declawing, madokotala amati onychectomy. Mawu onse awiriwa amatchula chikhadabo chokha, fupa salitchula. Ife tikamamasulira n'kumati kuchotsa zikhadabo timakhala tabisa chimodzimodzi. Dzina loona la ntchitoyi ndi kudula nsonga za zala.

Ndiye pali china chimene chinandilasa mtima koposa. Ife anthu timaponda ndi phazi lonse, chidendene mpaka zala. Mphaka amayendera zala. Thupi lake lonse limatsamira pa zala zomwezo. Munthu akavulala chala cha kudzanja amatha kuchikoleka pansalu mpaka chipole. Mphaka akadzuka ku opaleshoni amayenera kuimirira pa mabala akewo, kuyenda nawo, kudumpha nawo. Mabalawo akapola, kaimidwe kake kamakhala kasintha, chifukwa tsopano akupondera fupa limene silinapangidwire kugunda pansi. Kunyang'ama kuja tinkakuseka kuti ndi matama, mwina Dona ankamva kuwawa pa sitepe iliyonse.

Izi si zongoganizira za mnzangayo. Mu 2017, magazini ya madokotala a amphaka yotchedwa Journal of Feline Medicine and Surgery inatulutsa kafukufuku amene anayerekeza amphaka 137 odulidwa ndi ena 137 osadulidwa. Atawajambula mapazi ndi X-ray, anapeza kuti 63 pa 100 alionse mwa odulidwawo anali ndi tizidutswa ta fupa totsalira m'zala. Tangoganizani kamwala m'nsapato, koma kali m'kati mwa mnofu, moyo wonse. Odulidwawo ndi amenenso ankapezeka kwambiri ndi ululu wa msana, ankaluma kwambiri, ndipo ankadzithandiza malo osayenera kuposa anzawo. Nditawerenga zimenezi ndinaona mphasa ya amayi ija, ndi silipasi yanga. Mphaka amene zala zikumupweteka safuna kukumba mchenga. Amene walandidwa chida chake choyamba amatsala ndi mano. Tinkamumenyera zinthu zimene anthu anamuchititsa.

Sindikufuna kuwanyoza azungu aja. Bambo ankawatchula ndi ulemu mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo azunguwo mphakayo ankamukonda, ankadya m'mbale yakeyake. Pa nthawi imeneyo ku America ndi ku Canada opaleshoniyi inali chinthu wamba, ndipo ambiri amene ankapititsa amphaka awo sankauzidwa kuti padulidwa fupa. Koma eni akewo ayamba kubwerera m'mbuyo. Mzinda wa West Hollywood unaletsa mchitidwewu mu 2003. Chigawo cha New York chinauletsa mu 2019, kukhala choyamba m'dziko la America, ndipo Maryland inatsatira mu 2022. Ku Ulaya anayamba kale: pangano la mayiko a kumeneko loteteza ziweto za pakhomo, la mu 1987, limaletsa kuchotsa zikhadabo popanda chifukwa cha matenda. Ku Britain n'kulakwira lamulo, ndipo Israel inaletsa mu 2011. Malamulowa amalola pokhapokha ngati chala chili ndi vuto lenileni, monga chotupa kapena kuvulala koti sichingapole, ndipo pamenepo amadula chodwalacho kuti apulumutse mphakayo, osati mpando. Zimandiwawa kuti chinthu chimene eni ake akuchitaya, ife tingachitole ngati chitukuko, chifukwa choti tayamba kugula masofa.

Komanso tiyeni tinene za kwathu kuno. Mphaka wa ku New York akhoza kubadwa mpaka kufa osapondako dothi, ali m'nyumba zosanja. Wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amagona kukhitchini, amazungulira m'nthochi, amakumana ndi agalu, njoka, ana ogenda ndi malegeni, ndi amphaka anzake olimbirana malo. Mtengo ndiye linga lake, ndipo makwerero ake ndi zikhadabo zakutsogolo. Komanso ambirife sitimuweta chifukwa cha kukongola. Masiku ano chimanga sitisunganso m'nkhokwe panja poopa akuba, chili m'matumba kuchipinda, ndipo mlonda wake ndi mphaka. Mukamudula zala mubwerera ku tameki, ndipo tonse tikudziwa kuti mankhwala amenewa sasankha: amapha khoswe, nkhuku, galu, ndipo m'nyumba mmene muli mwana wokwawa sayenera kupezekamo n'komwe.

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Mphaka nayenso sakala mpando chifukwa cha mwano. Zikhadabo zake zimakula mosanjikizana ngati anyezi, ndipo akamakala amakhala akusenda chikamba chakale kuti chatsopano chituluke. Mukasesa bwino pamene amakonda kukala mupeza tizikamba topindika, tooneka ngati mamba a nsomba. Amakhala akudziwongolanso, kukoka minofu ya mapewa ndi msana atadzuka kutulo. Ndipo pakati pa zala zake pali timatumba totulutsa fungo limene ife sitilimva, ndiye pamene wakala wasiyapo uthenga wakuti pano mpanga. N'chifukwa chake amasankha malo oonekera, pamene anthu a m'nyumba amakhala, monga mkono wa sofa. Chilakolako chimenechi sichili m'zikhadabo, chili m'mutu. Dona ankapalasa chitseko m'mawa uliwonse ndi zala zimene zinalibe chopalasira.

Za mpando zinali zosavuta kumuyankha mlongo wanga. Za mwana ndi zimene zinandisowetsa tulo, chifukwa chithunzi chija ndinachiyang'ana kangapo, ndipo mayi amene waona magazi pafupi ndi diso la mwana wake sumuuza za malamulo a ku Maryland. Mantha ake ndi oona. Bala la mphaka si loseweretsa. Pali matenda amene amalowa kudzera m'kukalidwa, oyamba ndi tizilombo timene nthata zimafalitsa pakati pa amphaka, ndipo amatupitsa mwanabere. Palinso chiwewe, chimene kuno kwathu chimabwera kwambiri ndi agalu, koma mphaka nayenso amatha kuchitenga. Mwana akakalidwa kapena kulumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala, makamaka ngati mphakayo ndi wachilendo, sanabayidwe katemera, kapena wasintha khalidwe. Koma kudula zala sikuchotsa ngozi zimenezi. Kumangosamutsa ngoziyo kuchoka kuphazi kupita kukamwa, ndipo mano a mphaka ndi opyapyala ngati singano, amalowa mozama, bala lake limatsekeka pamwamba n'kumachita mafinya m'kati. Pakati pa mphaka wokala ndi mphaka woluma, ine amene ndinakhalapo ndi woluma wolumayo sindingamusankhire mwana wa mlongo wanga.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinakwera minibasi ya ku Luchenza. M'chikwama ndinatenga chingwe cha khonje, misomali, ndi kowengera zikhadabo katsopano. Ndinawapeza alamu ali pakhonde, nkhope ili gwa.

"Alamu, mwabwera kudzamutenga mphaka wanuyu?"

"Ndabwera kudzapempha milungu itatu, alamu. Zikakanika ndidzamutenga ndine, koma kumtsinje ayi."

Ndinawafotokozera za Dona, onse awiri, kuyambira pakatoni mpaka pamtengo wa mapeyala. Nditafika pa za mfundo ya chala ndinagwira dzanja la mlongo wanga monga anandigwirira mnzanga uja. Analibweza msanga, n'kulibisa m'chitenje. Ndinamufunsanso mmene zinakhalira kuti mwana akalidwe. Zinapezeka kuti mwanayo anamupeza mphakayo akudya, n'kumukoka mchira.

Tinapeza mtengo wa bulugama wouma, wotalika kufika m'chiuno mwanga, chifukwa mphaka amafuna poti akaimirira adziwongole thupi lonse. Alamu, ngakhale ankang'ung'udza, ndi amene anaukhomera pathabwa lalikulu kuti usamagwedere. Chinthu chogwedera mphaka sachikhulupirira. Tinaukulunga ndi khonje mothinana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mlongo wanga ankafuna tiuike kuseri kwa nyumba kuti alendo asamauone, koma ndinakana. Tinauimika pabalaza pomwepo, moyandikana ndi mkono wa sofa umene unang'ambidwa, ndipo mkonowo tinaukuta ndi pulasitiki yoterera. Amene alibe khonje, chiguduli chimagwiranso ntchito, ngakhale chipika cha khungwa lokhakhala.

Kenako kuwenga. Tinadikira mpaka mphakayo atakhuta, akusinza pamkeka. Ndi wamwamuna, wamawangamawanga, wa chaka chimodzi ndi miyezi. Ndinamuika pamiyendo, ndinamusisita kumutu mpaka anayamba kulira kwa m'khosi kuja, n'kugwira phazi lake. Nditafinya pang'ono, zikhadabo zinatuluka zonse, zoyera, zopindika, zakuthwa ngati minga ya mthethe. Ndinakhala kaye chete ndili chigwirire phazilo. Mlongo wanga anandiyang'ana, osafunsa.

Ndinamuonetsa poyang'anitsa kudzuwa. Chikhadabo cha mphaka chimaonekera m'kati: kutsinde kuli kachigawo kofiirira, mmene muli magazi ndi mitsempha, ndipo pamenepo sipofika. Mumangodula kansonga koyera kokhotako, pang'ono chabe. Sizipweteka, monga mmene sizipwetekera ife tikamawenga zathu. Tsiku limenelo analola zala zinayi zokha, kenako anakoka phazi n'kutsika, ndipo tinamusiya. Kumukakamiza n'kumuphunzitsa kuthawa kowengerako. Zotsalazo mlongo wanga anamaliza yekha mawa lake ndi mkuja. Pakatha milungu iwiri kapena itatu amabwerezanso. Mphaka wowengedwa nsonga amakwerabe mumtengo, amagwirabe khoswe, ndipo nsongazo zimabwerera.

Tinagwirizananso zina: mphaka akabayidwe katemera wa chiwewe kwa a zaziweto, apatsidwe mankhwala a nthata, azidyera pamalo pamene mwana safika, ndipo awiriwa asamasiyidwe okha m'chipinda. Mwanayo tinamuphunzitsa kusisita ndi chikhatho kuyambira kumutu kutsikira kumsana, ine nditagwira kadzanja kake.

Sizinayende mwamsanga. Mlungu woyamba mphakayo sanaukhudze mtengo wa khonjewo, anasamukira kumkono wina wa sofa, ndipo alamu ananditumizira chithunzi popanda mawu. Tinakutanso mkono umenewo. Mlongo wanga anayamba kukokera kachingwe pamtengopo kuti mphakayo azikathamangitsa, ndipo zikhadabo zikakola khonje ankamupatsa kamutu ka usipa. Chakumapeto kwa mlungu wachiwiri ananditumizira uthenga wina wa mawu. Iye sanalankhulemo. Munkangomveka khwa, khwa, khwa, zikhadabo zikukoka khonje, ndi mwana akuseka chapatali.

Mpando uja chipsera chake chilipobe. Anausoka ndi ulusi wosafanana mtundu, ndipo ngongole yake sinathe. Alamu samutchulabe mphakayo dzina, amangoti uyu. Koma mwezi watha atapeza khoswe wamkulu atagonekedwa pakhomo la chipinda cha matumba, anatola okha ndi fosholo, ndipo madzulo ake anabwera ndi bonya wa K500 m'kapepala.

Mtengo wa mapeyala uja ulipobe kumudzi, ngakhale nthambi ina inathyoka ndi mphepo ya namondwe Freddy mu 2023. Amayi akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu. Nditapita kukawaona ndinawafotokozera zonsezi, za kafupa, za mfundo ya chala, za chifukwa chimene Dona ankanyowetsera mphasa. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo. Kenako anatambasula zala zawo n'kumaziyang'anitsitsa.

"Ndiye ankamva kuwawa nthawi yonse ija?"

"Zikuoneka choncho, amayi."

"Ine ndinkamuthira madzi ozizira," anatero. "Bwenzi atatiuza."